NDEGE SI CHAPA

 Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Domwe. Mwana wawo wamkazi ali ku Coimbra, m'dziko la Portugal, ndi woyembekezera, ndipo wawatumizira uthenga kuti apite akakhale naye pa nthawi yochira. Mayiwa sadakwerepo ndege chibadwire. Akuti kugwa saopa, pakuti imfa ili ponseponse, ngakhale pa njinga yakapalasa. Chimene chikuwasowetsa tulo ndi ichi: "Nanga ndege ikachedwa, kapena ikakanditula ku dziko lina kumene sindidziwa munthu, ndidzatani ine?"

Amayi, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiliyankha poulula manyazi anga. Ine amene ndikulembayu ndidagonapo pa simenti ya bwalo la ndege ku Lisboa, jekete ndilo mtsamiro. Kogona kudalipo ndithu, ndipo kudali kwaulere. Chidandigoneka pansi ndi ulemu wopusa.

Chidali chaka cha 2010, mwezi wa Abril. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi mmodzi wa anyamata aja adapita kukagwira ntchito ku Alemanha ya kum'mawa, imene tinkaitcha RDA, potsatira pangano la maboma awiri la mu 1979. Onse pamodzi adapita pafupifupi 20,000, ndipo ambiri adabwerera kuno mu 1990 pamene dziko la RDA linkatha. Nkhani ya ndalama zawo zimene zinkadulidwa pa malipiro mukuidziwa, tidzaikamba tsiku lina. Chimene anthu sakamba kawirikawiri n'chakuti ena mwa iwo adasiya ana kumeneko. Alamu adasiya kamtsikana ka zaka ziwiri mu mzinda wa Leipzig. Patapita zaka 20 mwanayo adafunafuna atate ake mpaka adawapeza, nalemba kalata kuti akukwatiwa Loweruka pa 17 Abril, ndipo akufuna atate ake akakhalepo. Mlongo wanga, mkazi wa mtima waukulu, ndiye adayamba kugulitsa mbatatesi ndi nyemba zake kuti ndalama ya ulendo ikwane. Adati kwa ine: "Achimwene, aperekezeni. Inu Chipwitikizi mumachidziwa, ndipo mapepala simuwaopa."

Ulendowo udalakwika tisananyamuke, ndipo adaulakwitsa ndine. Pogula matikiti ndidawerengera kuti tsiku lililonse ku Ulaya ndi ndalama, tsono ndidasankha kuti tikafike Lachisanu, ukwati uli m'mawa mwake. Ndidadziyesa wochenjera. Mundandanda wake udali wotere: Lachitatu chapa kuchoka pa Ulongwe kupita ku Tete, Lachinayi ndege pa Chingodzi kupita ku Maputo, kuchoka apo ina ya maola pafupifupi 11 kukatera ku Lisboa, inanso kukafika ku Frankfurt, potsiriza sitima ya pamtunda mpaka ku Leipzig. Ulendo wa mfundo zisanu, ndipo ine sindidasiye mpata ngakhale wa tsiku limodzi woti mfundo ina ikamasuka tiimangenso.

Pamene ife tinkapanikizana ndi matumba ndi nkhuku m'chapa Lachitatu pa 14 paja, phiri lina lidaphulika moto ku Islândia, chilumba cha kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Dzina lake ndi Eyjafjallajökull. Musandifunse katchulidwe kake, ndidayesa kamodzi alamu adaseka mpaka misozi. Phirilo lidafunda madzi oundana pamwamba pake, tsono mwala wosungunuka utakumana ndi madziwo udasweka n'kukhala fumbi losalala, lidakwera kumwamba makilomita angapo, mphepo n'kulitengera ku maiko a Ulaya.

Munthu angafunse kuti kodi phulusa n'chiyani kwa chindege chonsecho. Ili si phulusa la pa mafuwa limene amayi amatsukira mapoto. Ndi tizidutswa ta mwala ndi galasi. Tikalowa mu injini ya ndege timasungunuka ndi kutentha kwa m'katimo, n'kumatirira, mpweya n'kuleka kuyenda bwino, injini n'kuzima. Zidachitikapo mu 1982 ku Indonesia: ndege yaikulu ya mtundu wa Boeing 747 idalowa m'phulusa la phiri la Galunggung usiku, injini zake zonse zinayi zidazima, ndipo idatsika kwambiri asanathe kuziyatsanso n'kukatera ku Jakarta. Kaamba ka zoterezi, kuyambira Lachinayi pa 15 maiko a kumpoto kwa Ulaya adayamba kutseka mlengalenga mwawo limodzi limodzi. M'masiku asanu ndi limodzi maulendo a ndege pafupifupi 100,000 adalephereka, ndipo anthu pafupifupi 10 miliyoni adasokonezeka. Mwa anthu amenewo, awiri tidali ife a pa Ulongwe.

Tidatera ku Lisboa Lachisanu m'mawa bwinobwino, pakuti ku Portugal phulusalo lidali lisanafike. Titayang'ana pa chikwangwani cha magetsi chosonyeza maulendo, pafupi ndi dzina la Frankfurt padalembedwa liwu limodzi: Cancelado. Pa London chimodzimodzi, pa Amsterdam, pa Bruxelas, pa Copenhaga, mzere wonse.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, amayi, ndi inu nonse. Ife anthu a kuno kudikira timakudziwa, palibe mzungu angatiphunzitse. Chapa sinyamuka isanadzaze, ndipo timakhala m'menemo maola atatu osadandaula. Timadikira ku chigayo, ku chipatala, ku ofesi ya boma. Akuluakulu akukumbuka kudikira koluna ya asilikali pa msewu wa ku Zóbuè nthawi ya nkhondo, ndi mizere ya chakudya m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Kudikira konseku kudatiphunzitsa chinthu chimodzi: khala pansi, usachite phokoso, nthawi yako ikakwana akuitana. Ndipo pa chapa zimenezi n'zoona, chifukwa wolipiritsa akukuona, akudziwa kuti mdala wa chipewa uja akupita ku Moatize, sangakusiye pakuti ndalama yake ili m'thumba mwako.

Pa bwalo la ndege palibe amene akukuona. Ndalama yako adalandira kale. Ndiwe nambala m'makina, pamodzi ndi anthu zikwizikwi, ndipo antchito a kampani, otopa, amathandiza amene waima patsogolo pawo. Wokhala phee pa benchi amamuyesa kuti zake zili bwino.

Ine sindinkadziwa zimenezi. Ndidaona mzere wautali, bicha yeniyeni yopindapinda, pa kauntala ya kampani imene tidakwera, anthu akukalipa m'zilankhulo zosiyanasiyana. Alamu adati, "Alamu, tiyeni nafenso tikaime pamenepo." Ine ndidati, "Dekhani alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisadzichotse ulemu ngati awa. Akakonza atiitana pa chimkuzamawu." Tidakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tidagula buledi wopaka tchizi awiri ndi tiyi, mtengo wake nditausandutsa m'mameticais ndidamva chizungulire. Usiku tidayala majekete pansi. Pakati pa usiku alamu adandigwedeza, nati mutu ukuwagunda. Iwo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwalawo tidawalongedza bwinobwino m'sutukesi yaikulu, imene tidaipereka ku Maputo ataimata chizindikiro cha Frankfurt. Sutukesiyo idali penapake m'mimba mwa bwalo lija pamodzi ndi zikwi zinzake. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Usiku umenewo mwambiwu ndidaumva m'mafupa.

Adatipulumutsa ndi mayi wina wosesa. Loweruka mbandakucha ankakolopa pafupi ndi mapazi athu, natimva tikuyankhula, nafunsa m'Chipwitikizi ngati ndife a ku Moçambique. Iye kwawo kudali ku Quelimane. Atamva kuti tagona pamenepo adaimika mtengo wake wokolopera, nandiyang'ana monga mmene mphunzitsi amayang'anira mwana wosalemba ntchito ya kunyumba. Adati: "Atate, anzanu onse agona ku hotela, kampani yalipira. Inu mwapita kukafunsa?" Ndidati ayi. Adati: "Nanga mukudikira yani?"

Safunsa adadya phula. Tidaima pa bicha ija maola atatu, ndipo titafika kutsogolo ndi pamene ndidadziwa zimene ndikukuuzanizi. Maiko a Mgwirizano wa Ulaya ali ndi lamulo la mu 2004, nambala yake 261, loteteza okwera ndege. Limagwira ntchito pa ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la m'maikowo, ndiponso pa ndege za makampani a ku Ulaya zochokera kunja kupita kumeneko. Ulendo ukalephereka kapena ukachedwa maola ambiri, kampani iyenera kukudyetsa, kukupatsa mpata wotumiza uthenga kwanu, ndipo ngati mpofunika kugona, kukupezera hotela ndi galimoto yokufikitsa kumeneko. Lamulolo lidaikanso ndalama ya chipepeso, mpaka ma euro 600 pa ulendo wautali, koma imeneyo salipira ngati chifukwa chake n'choposa mphamvu za kampani, monga phiri lophulika. Chakudya ndi kogona zokha, zimenezo sizikhululukidwa ngakhale cholakwa chikhale cha phiri. Makampani ena adayesa kukana. Mayi wina amene adatsakamira ku Faro, ku Portugal komweko, sabata yomweyo, adasumira kampani yake, ndipo mu 2013 bwalo lalikulu la milandu la Mgwirizano wa Ulaya lidagamula kuti udindo wosamala okwera sutha chifukwa cha phulusa. N'chifukwa chake ndikuti mukadzigulira nokha chakudya kapena malo ogona, sungani malisiti onse, ngakhale ka tiyi.

Dziwani kuti lamuloli ndi la ku Ulaya. Mukatsakamira ku Johannesburg, ku Addis Ababa kapena ku Nairobi popita ku Ulaya ndi kampani ya kwina, silikufikani. Komabe kufunsa ndi komweko. Makampani ambiri amapereka kapepala ka chakudya ndi hotela kwa amene aphonya ndege yachiwiri chifukwa yoyamba idachedwa, malinga ulendo wonse uli pa tikiti imodzi. Apa mwana wanu amve bwino, amayi: asagule tikiti ya Tete mpaka Maputo payokha, ina ya Maputo mpaka Lisboa payokhanso, poti zatsika mtengo. Zikakhala zosiyana, yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri idzati inu simudabwere, tikiti yapsa. Zikakhala pamodzi, kukufikitsani ndi udindo wawo. Ndi mmenenso zilili ndege ikapatuka n'kukatera pa bwalo lina chifukwa cha mvula ya mkuntho kapena munthu wodwala m'katimo. Musachoke pa gulu la anzanu, musataye kapepala kokwerera, ndipo mverani antchito a ndegeyo, pakuti ulendo wanu sudathe mpaka mutafika pamene padalembedwa pa tikiti.

Tibwerere pa kauntala paja. Mtsikana wotithandiza, maso ali psuu ndi tulo, adatiuza kuti tisankhe: kudikira ku hotela mpaka ndege zidzayambenso, tsiku lake palibe ankalidziwa, kapena kulandira ndalama ya chigawo cha ulendo chimene chidatsala n'kudzionera tokha njira. Ndipo adatichenjeza chinthu chimene chikadatiliza. Munthu akangochoka mwakachetechete n'kukakwera basi, osauza kampani, makina amamulemba kuti sadabwere, ndipo kawirikawiri amafafaniza maulendo onse otsala pa tikitiyo, ndi wobwerera kwawo womwe. Tidampempha kuti alembe m'makinamo kuti ulendo wathu wobwerera ukhalebe, natipatsa pepala losindikiza. Pepalalo ndidalisunga m'thumba la m'kati pamodzi ndi pasipoti. Sutukesi adatitulutsira madzulo, titalemba fomu ndi kudikira maola ena anayi. Alamu adamwa mankhwala awo ataima pomwepo.

Ukwati udachitika Loweruka lomwelo masana, ife tili m'chipinda cha hotela pafupi ndi bwalo la ndege. Mwana adaimba telefoni atatuluka m'nyumba yolembetsera maukwati. Alamu adagwira telefoniyo ndi manja awiri, Chijeremani chawo cha zaka 20 zapitazo chikutuluka mawu amodziamodzi ngati madzi a pa mpopi wouma. Ine ndidatuluka kukaima pa khonde. Sindibisa, ndidadziimba mlandu, ndipo mpaka lero ndimadziimba. Phiri silidali langa, koma tikadanyamuka Lolemba, monga mlongo wanga ankanenera, tikadalipeza phulusalo tili kale ku Leipzig tikuyesa masuti.

Usiku umenewo tidakambirana. Viza yathu idali ya masiku 15 okha, ndipo awiri adali atapita. Alamu adati: "Ine sindidabwerere phwando. Ndabwerera mwana. Ngati kuli msewu, tiyeni." Msewu udalipo, wa makilomita opitirira 2,500, ndiye kuti kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo n'kuwonjezapo theka lake, n'kupitirirabe. Mwayi wathu udali wakuti viza ya Schengen imakulola kudutsa Portugal, Espanha, França ndi Alemanha popanda kupempha ina pa malire. Akadakhala kuti mwanayo ali ku London, sitikadayerekeza, chifukwa kumeneko viza ndi ina. Ndidamvanso pambuyo pake kuti munthu akatsakamira pa chifukwa choposa mphamvu zake ngati chimenechi, angathe kupita ku ofesi yoona za alendo kukapempha kuti amuwonjezere masiku, koma apite viza isanathe, osati itatha.

Masiku amenewo kudali sitima ya usiku yotchedwa Sud Expresso, yochoka ku Lisboa kukafika ku Hendaye pa malire a França. Idaleka kuyenda mu 2020. Titafika pa siteshoni ya Santa Apolónia tidapeza malo adatha kalekale, adatenga ndi aja ankakalipa pa bicha Lachisanu pamene ine ndinkasunga ulemu. Tidapeza mipando iwiri ya kumbuyo kwenikweni m'machimbombo wopita ku Paris, wonyamuka Lamulungu. Za ulendo umenewo sindichulutsa: usana ndi usiku wathunthu ndi maola ena pamwamba, miyendo kutupa, kuzizira kwa m'mapiri a ku Espanha kulowa m'mafupa. Apa ndi pamene kudikira kwathu kwa kumudzi kudagwira ntchito yake. Mzungu wina wa tayi amene adakhala pafupi nafe ankayang'ana wotchi mphindi iliyonse n'kumatukwana. Alamu adatulutsa mtedza wokazinga umene mlongo wanga adamanga m'kapepala, namugawira, ndipo pofika ku Burgos munthuyo adali akuonetsa zithunzi za ana ake. Kapulana imodzi mwa zimene tidatengera mkwatibwi tidaimasula n'kufunda tonse awiri.

Tsono amayi, m'chikwama cha m'manja, chimene simusiyana nacho, muikemo mankhwala anu onse, chovala chosinthira, kapulana kapena chitenje chochindikala, ndi kachingwe kotchajira telefoni. Nambala ya mwana wanu ndi adiresi yake muzilembe pa pepala ndi cholembera, pakuti telefoni imazima pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Mutengeko ma euro pang'ono a m'manja. Mtedza ndi mabisiketi zimaloledwa m'ndege, koma nyama, kaya yowamba kaya yotani, ndi za mkaka, saloleza kulowa nazo ku Ulaya, adzakulandani pa chipata. Ndipo mwana wanu pogula tikiti anene kuti ndinu wachikulire woyenda movutika, ngati zili choncho; amakupatsani munthu wokuperekezani kuchoka pa ndege ina kukafika pa inzake, kwaulere. Chipwitikizi chanu cha ku tchalitchi ndi ku msika n'chokwanira ku Lisboa. Mawu ofunika ndi ochepa: ndege yanga yalephereka, ndipite liti, ndidya kuti, ndigona kuti. Muwanene mwaulemu, koma muwanene mutaima pa kauntala.

Ku Paris tidafika Lolemba madzulo, tidagona pa mipando ya siteshoni ya Gare de l'Est, koma ulendo uno titayamba tagula matikiti a m'mawa. Lachiwiri pa 20 tidakwera sitima yothamanga kupita ku Frankfurt, maola anayi, inanso kupita ku Leipzig. Mlengalenga mwa Alemanha adatsegula kwathunthu tsiku lotsatira, Lachitatu pa 21, ndipo amene adatsala ku hotela ambiri adadikirabe masiku ena kuti apeze mpando, chifukwa ndege zoyamba zidali zodzaza ndi eni matikiti a masiku amenewo. Kaya tidapindula tsiku limodzi kaya atatu, alamu sawerengera.

Siteshoni ya Leipzig ndi chinyumba chachikulu, ndipo alamu adaizindikira tisanatsike, nayamba kunditchulira mayina a misewu. Mwana adali ataima kumapeto kwa njanji ndi mwamuna wake, atanyamula chithunzi chakale cha mnyamata wa tsitsi lambiri atavala jekete la chikopa. Adayang'ana chithunzi, nayang'ana mdala wa imvi wa malaya okwinyika amene adagona m'njira masiku asanu. Chipumi ndi chomwecho, cha kwa alamu, palibe akadakana. Kapulana ija tidaipereka ili yokwinyika, ikununkha mtedza, ndipo alamu adafotokoza chifukwa chake m'Chijeremani chothyokathyoka. Mkwatibwi adaikulunga m'khosi pomwepo.

Pobwerera, ndege yathu ya ku Maputo idachedwa maola anayi ku Lisboa, pa chifukwa china chimene sadatiuze bwino. Ndisanamalize n'kuwerenga komwe chikwangwani, ndidaona alamu ali kale kutsogolo kwa bicha, pasipoti ndi tikiti m'manja, mankhwala ali m'thumba la malaya. Adabwera ndi timapepala tiwiri ta chakudya, nandipatsa kamodzi, nati: "Idyani alamu, nkhono ija yatsegula maso."

Amayi a ku Domwe, anamwino akuti mwana wanu achira kumapeto kwa mwezi. Muuzeni akugulireni tikiti ya kumayambiriro.